Chaka Chimene Sitinamwete Udzu

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili giredi sikisi, pamene ndinalandira chipsera chimene chili padzanja langa lamanjali, m'munsi mwa chala chachikulu. Chinali chaka cha masankho. Masiku ano ndimasoka zovala pamsika muno mu Chipata, ndipo makasitomala akachiona ndikamawayeza amafunsa kuti, "Amake Taonga, munadzicheka ndi sizasi kodi?" Ndimayankha kuti ayi, amene anandicheka ndi andale. Iwo amaseka poyesa kuti ndi nthabwala, koma ine sindiseka nawo.

Kwathu ndi m'mudzi wina wa ku Kasenengwa, kutsidya kwa kamtsinje kamene m'chilimwe kamakhala mchenga wokhawokha koma m'dzinja kamakokolola ngakhale ng'ombe. Sukulu ya boma inali tsidya linalo, kutalinso, ndiye mvula ikangoyamba ana ankakhala pakhomo mpaka madzi ataphwa. Anyamata ankabwerera kusukulu madziwo akaphwa. Atsikana ambiri sankabwereranso. Msuweni wanga anakhala pakhomo dzinja limodzi lokha, pofika nthawi yokolola anali atamupezera kale mwamuna.

Makolo athu atatopa nazo anamanga okha kasukulu m'mudzimo. Kanali ka zipinda ziwiri za zidina zosawotcha, denga laudzu, mipando yake youmba ndi dothi. Mphunzitsi anali mmodzi, a Jere, mnyamata wa mudzi woyandikana nafe, ndipo makolo ankawathokoza ndi chimanga ndi nsawa. Ana aang'ono ankaphunzira m'chipinda chimodzi, ife akuluakulu m'chinacho. Sikanali kokongola ayi, koma kanali kathu, ndipo kwa ine ndiko kanali pakati pa ine ndi njira imene anayenda msuweni wanga.

Panali mwambo umene sunkafuna kuitanirana. Tikangotha kukolola, mphepo ya mu Juni ikayamba kuluma, banja lililonse linkapita kudambo ndi zenga kukamweta udzu n'kubweretsa mitolo yake kusukulu. Udzuwo unkaunjikidwa pathandala, ndipo mu Okutobala amuna ankakwera pamwamba kukafolera pamene pavunda. Udzu wofolera uli ndi nthawi yake. Ukazengereza, anyamata osaka mbewa amatentha tchire, ndipo pofika mu Ogasiti dambo lonse limakhala lakuda bii, ungopeza phulusa ndi ziputu. Zimenezi ngakhale mwana wa giredi wani ankazidziwa.

Wapampando wa komiti ya makolo anali atate anga, a Sakala. Anali munthu wosamwa, woimba kwaya kutchalitchi cha Katolika, ndipo sukuluyo ankaikonda ngati mwana wawo wachisamba. Vuto lawo linali limodzi. Munthu akabwera atavala jekete n'kuwalankhula mwaulemu, ankamukhulupirira mpaka m'mafupa.

Mu Meyi chaka chimenecho kunabwera bambo wina amene ankafuna ukhansala wa wadi yathu. Dzina lake lenileni ndilisiya. Ife tinkangoti a Chipewa, chifukwa cha chichipewa chachikopa chimene sankachivula ngakhale pamaliro. Anali mwana wa dera lomwelo amene anapeza bwino ndi malonda a thonje m'tauni. Anaimika galimoto pasukulu, analowa m'kalasi chowerama, anayang'ana kudenga, kenako n'kugwira pakamwa ngati aona maliro.

"A Sakala, ana athu akuphunzira m'khola limeneli? Ayi, zimenezi zatha. Chaka chino musavutitse azimayi ndi zenga. Malata ndibweretsa ine, masankho asanafike."

Lamlungu titatuluka m'mapemphero atate analengeza kuti chaka chino kulibe kumweta udzu wa sukulu. Nthungululu zinamveka mpaka kumadimba. Ndani amakonda kumweta udzu? Umadzuka mame ali mbwee, zala zitauma ndi chisanu, udzu ukukucheka m'mikono, ndipo thupi limanyerenyetsa tsiku lonse. Mabanja ambiri, atamva kuti kusukulu kulibe ntchito, anachita ulesi ngakhale ndi udzu wa nyumba zawo, ati tidzaona chaka chamawa. Amene sanaimbe nthungululu tsikulo anali amayi anga, a Nambewe. Titafika kunyumba anayamba asanamasule n'komwe mpango wa kutchalitchi.

"Atate ake Dailesi, malatawo mwawaona?"

"Munthu walonjeza pamaso pa anthu."

"Ine ndafunsa ngati mwawaona. Fodya ndi amene ali pamphuno."

"Inu amake Dailesi, musandichititse manyazi. Ndanena kale pagulu."

"Chabwino. Wa sukulu sindimweta, mwaletsa ndinu a tcheyamani. Koma wa nyumba yanga ndimweta, poti a Chipewa sananene kuti adzafoleranso pamene pamadonthera pamphasa ya ana anga."

Zinali zoona, nyumba yathu inali itafika poifolera yonse. Dzinja lapitalo tinkagona tikusuntha mphasa uku ndi uku. Ndiye Juni yense amayi ankandidzutsa mbandakucha, ine ndi iwo kudambo, anthu awiri okha m'dambo lonse lija. Azimayi opita kudimba ankaima panjira n'kukuwa kuti, "A Nambewe, simunamve kuti udzu unatha fasho?" Amayi sankatukula n'komwe mutu. Koma ine, ndinene zoona, ndinkadana nawo mumtima. Ndinkaona ngati akundizunza dala, akundisandutsa choseketsa pamaso pa anzanga chifukwa cha makani awo. Mitoloyo tinaiunjika pathandala kuseri kwa nyumba, amayi n'kulambula mozungulira kuopa moto.

Mu Ogasiti, dambo litapsa kale, kunabwera uthenga wochokera kwa a Chipewa woti malata akubwera Loweruka, ndipo tisasule denga lakale chifukwa malata amafuna mapaso atsopano, komanso bwana sakufuna kudzapeza udzu pamene adzajambulitse zithunzi. Amuna anakwera tsiku lomwelo. Udzu wakalewo unali wovunda, unkangoyoyoka m'manja, ndipo anautentha kuseri kwa sukulu ife ana tikuvina mozungulira moto. Atate anaimirira poteropo manja ali m'chiuno, nkhope ikuwala. Sindinawaonepo atakondwa chotero.

Loweruka linafikadi, ndipo malata anafikadi. Lole inalowa m'mudzi masipika akulira, pamwamba patadzaza anyamata a chipani amene timawatcha makada, akuponya zitenje kwa azimayi. Malatawo ankanyezimira padzuwa moti sunkatha kuwayang'anitsitsa. A Chipewa analankhula nthawi yaitali, anatiuza kuti mutu umodzi susenza denga, kuti iwo abweretsa malata, ife tibweretse mavoti. Kenako anati mwana wanzeru kuposa onse abwere adzalandire lata loyamba m'malo mwa anzake. A Jere anandikankha pamsana. Ndinapita kutsogolo, diresi yanga ya kutchalitchi ili pathupi, wojambula atandilozetsa kamera.

Kada amene anali pamwamba pa lole anakankha latalo ine ndisanaligwire bwino. Kona yake inatsetsereka m'dzanja langa ngati mpeni panyama. Poyamba sindinamve kupweteka, ndinangoona magazi akuyenderera m'mizere ya lata lija. Nditakuwa, a Chipewa anang'amba chitenje cha chipani n'kundimanga nacho, kenako anakweza dzanja langalo m'mwamba.

"Taonani! Mwana uyu wakhetsa magazi chifukwa cha maphunziro! Inu mungalephere kukhetsa inki?"

Anthu anaomba m'manja mwamphamvu. Kada uja anatola mwala n'kupinda kona ya latalo kuti isachekenso wina, ndipo malata onse anawasanja bwinobwino kutsogolo kwa sukulu, zithunzi zikujambulidwa. Koma dzuwa litapendeka, anthu ali kalikiliki kuvina, ndinaona makada akuwakwezanso m'lole limodzilimodzi. Atate anathamangira komweko.

"Bwana, nanga akubwereranso?"

"A Sakala, misomali ndi matabwa sizinafike. Tikawasiya pano akuba atibera. Akasungidwe kaye m'tauni, Lachisanu ndibwera nawo pamodzi ndi akalipentala."

Atate anagwedeza mutu kuvomera, anathandizanso kukweza lomaliza. Amayi, amene ankanditsuka bala ndi madzi amchere pakhonde, anayang'ana fumbi la lole ija n'kunena kuti, "Mkwatibwi wabwera kudzationetsa nkhope, wabwerera kwa amake."

Lachisanu linadutsa, linanso linadutsa. Tinkaphunzira m'zipinda zopanda denga, dzuwa likutiwotcha pamutu, fumbi likulowa m'makope. Bala langa linayamba kutulutsa mafinya, dzanja linatupa, ndipo amayi ananditumiza kwa azakhali anga ku Chiparamba, amene ankakhala pafupi ndi kiliniki. Ndili kumeneko, tsiku lina potuluka kotsukitsa bala, ndinamva nyimbo imene ndinkaidziwa. Ndinatsatira phokosolo mpaka pabwalo lina pamene panali kanyumba kosafolera, kamene azimayi a kumeneko anamanga kuti apakati azidikiriramo nthawi yawo. Lole inali yomweyo. Chipewa chinali chomwecho. Ngakhale mawu anali omwewo, mutu umodzi susenza denga.

Ndinadzipanikiza pakati pa anthu mpaka kutsogolo. Anaitana mtsikana wina wamsinkhu wanga kuti alandire lata loyamba, ndipo pamene ankalitsitsa ndinaona kona yopindidwa ndi mwala. M'mizere yake munali banga lofiirira limene palibe anadzivutitsa kulipukuta. Sindinaganize n'komwe, mawu anangotuluka okha.

"Malata athu awo! Ndi a sukulu yathu! Magazi angawo!"

Kada wina anandigwira khutu n'kulipotokola. "Mwana wa yani ameneyu? Amutuma a chipani china eti?" Anthu ena anaseka, ena anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Azakhali anatulukira kaya kuti, anandilanda m'manja mwake akupepesa, n'kundikokera kunyumba. M'mawa mwake anandikweza panjinga ya mnansi wawo kubwerera kwathu, ati sakufuna kuotcheredwa nyumba chifukwa cha pakamwa pa mwana.

Nkhani inali itandiyambira kufika. Ndinapeza atate atakhala pampando pakhonde, kandodo ka mpichesi kali pamiyendo. Atate sankamenya mwana kawirikawiri, moti nditakaona kandodoko ndinadziwa kuti lero zavuta.

"Wayamba liti ndale iwe?"

"Atate, malata aja ndi omwe aja. Ndaona kona yopindika."

"Malata onse amafanana."

"Ndi magazi anga ali pomwepo."

"Mwana wa wapampando kukakuwa pamsonkhano ngati woledzera! Akamva bwana kuti ndiwe mwana wanga, malatawo adzabweranso?"

Anandikwapula m'miyendo. Ndodoyo sinandipweteke kwambiri, zenga ndi udzu zinali zitandilimbitsa kale khungu. Chimene chinandiwawa n'chakuti ndinaona ndi maso angawa, ndinanena zoona, ndipo munthu amene ankandiphunzitsa kuti bodza ndi tchimo ndi amene ankandimenyera zoonazo. Amayi sanawagwire dzanja. Anangoima pakhomo la khitchini n'kunena kuti, "Menyani, koma ndodo sifolera nyumba."

Panopa ndikaganiza ndimaona kuti atate anandikhulupirira tsiku lomwelo, ndipo n'chifukwa chake anandimenya. Akanavomera, akanatani? Denga anali atasasula kale, udzu wakale atatentha, dambo litapsa. Mudzi wonse unali ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Kuvotera munthu wina kunali kutaya malata, ndiye ngakhale amene ankakayika anakavotera a Chipewa kuti mwina, mwina. Ndimakhulupirira mpaka lero kuti bambo aja ankadziwa chimene ankachita potiuza kuti tisasule. Munthu amene ali ndi denga, ngakhale lodontha, amatha kukufunsa mafunso. Amene alibe amangoti inde bwana.

Masankho anachitika mu Seputembala, ndipo a Chipewa anapambana. Tsikulo amayi nawonso anakavota. Pobwera anandionetsa chala chawo chakuda ndi inki n'kunena kuti, "Waona? Amapaka chimodzi chokha. Zinazi amakusiyira kuti uzigwirira zenga." Amene anamuvotera sanandiuze mpaka anamwalira.

Kuyambira pamenepo njinga ya atate inaidziwa njira ya ku Chipata. Ankanyamuka m'mawa atavala malaya awo oyera, n'kubwera madzulo malayawo atafiira ndi fumbi. Lero bwana ali mumsonkhano. Lero bwana apita ku Lusaka. Lero bwana angotuluka kumene, mukanafulumira pang'ono. Tsiku limene anawapeza, anabwera mochedwa kuposa masiku onse, anatsamiritsa njinga pamtengo, anakhala pansi osati pampando. Anafotokozera amayi ine ndikumva.

"Akuti zinthu za boma zili ndi ndondomeko yake. Akuti aziika m'mapulani a chaka chamawa."

"Nanga aja anabwera nawo aja?"

Atate anati, "Akuti aja anali a kampeni. Anabwereka kusitolo ya mnzawo, anabweza masankho atatha."

Amayi sananene kuti ndinakuuzani.

Mvula yoyamba inagwa kumapeto kwa Okutobala, masana, yamphepo ndi mabingu. Sinakhalitse, koma m'mawa mwake titapita kusukulu tinapeza mipando yathu itasanduka phala. Makoma anali atamwa madzi kuchokera pamwamba, ndipo ngodya ya khoma la bolodi inali itagumuka. Zidina zosawotcha zimalimba zikakhala ndi chofunda, zikavulidwa zimabwerera kudothi kumene zinachokera. A Jere anayenda mozungulira akukanda khoma ndi chala, kenako anauza atate ife tikumva kuti mvula yachiwiri ikapeza zili chonchi, sukulu yagwa. Anawonjezanso kuti wina wawaitanira ntchito ya ukalaliki kogula thonje, ndipo ngati pofika Lolemba palibe denga, apita. Sanali kuopseza ayi, mnyamatayo misozi inali ikulengeza.

Ine ndinayang'ana kumtsinje. Madzi anali atayamba kale kuyenda pamchenga. Ndinadziwa kuti sukulu iyi ikagwa, giredi seveni sindidzaiona, ndipo ndinakumbukira msuweni wanga ali ndi mwana kumsana.

Masana makolo anasonkhana pansi pa mtengo wa mango. Anthu omwe aja anaimba nthungululu ndiwo anali patsogolo kulalata. "A tcheyamani, tifolere ndi zitenje zija kodi?" Wina anati atate anadya nawo za a Chipewa. Wina anati kaya, amene anatiuza kuti tisamwete ndi amene adziwe kumene kuli udzu. Palibe ngakhale mmodzi amene anakumbukira kuti tsiku lija anakondwa chifukwa chothawa chisanu cha kudambo. Atate anaimirira, anavala chisoti chawo, n'kulunjika kunyumba, ine ndikuwatsatira chapatali.

Amayi anali pakhonde akusenda nsawa zambewu. Atate anaima pabwalo, anavula chisoti n'kuchigwira ndi manja awiri ngati mlendo.

"Amake Dailesi."

"Ndikumva."

"Udzu uja."

"Uti? Uja unatha fasho?"

Atate anayang'ana pansi. Amayi anakankhira lichero pambali, ndipo zimene anasunga kuyambira mu Meyi zinatuluka zonse.

"Ndamweta ndekha ndi mwana uyu mudzi wonse ukutiseka. Inu munkadutsa ndi njinga osatipatsa ngakhale moni, kuopa kuti anthu anganene kuti a tcheyamani sakhulupirira bwana wawo. Mwana ananena zoona, munamukwapula. Lero mukufuna udzu wanga ukafolere manyazi anu, ana anga agone m'madzi? Musandipemphe ine. Theka la udzuwo anamweta ndi Dailesi, ndipo pamene pamadontha kwambiri ndi pamene amagona iye. Mufunseni mwiniwake."

Kwathu bambo sapempha kanthu kwa mwana, amangotuma. Ndinaima pafupi ndi nkhokwe ndikuyembekeza kuti atate akalipa kapena angopita kukasenza mitoloyo. Koma anatembenuka, anabwera pamene ndinaima, anagwira dzanja langa lamanja n'kulitambasula. Bala linali litapola, patatsala mzere wofiira. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi wanga," anatero, "malata aja anali omwewo. Unaona bwino."

Ndinkafuna kukana. Mulungu ndi mboni, ndinkafuna kukana kuti nawonso amve mmene zimawawira. Udzu umenewo ndinaugula ndi chisanu, ndi mikono yochekekachekeka, ndi kusekedwa, ndipo tsopano unkapita kukalipira bodza la munthu amene usiku umenewo akagona pansi pa malata m'tauni. Pepani sapoletsa chilonda. Koma sukuluyo inali yanganso, kuposa mmene inalili ya atate. Ndinati, "Tengani," kenako ndinalira, osati chifukwa cha chisoni koma mkwiyo umene ndinalibe poutula.

Mitolo tinaisenza tokha madzulo omwewo, atate, amayi ndi ine, kudutsa pakati pa mudzi anthu akuyang'ana. M'mawa amuna angapo anabwera ndi nkhwangwa kukadula mapaso, osayang'ana atate m'maso. Bambo wina wachikulire anasasula kakhitchini kake n'kubweretsa udzu wake, mayi wina wamasiye anabweretsa mitolo iwiri imene anasungira nkhokwe. Ena onse, makamaka aja olalata aja, anali ndi zochita kumunda. Udzuwo unakwana chipinda chimodzi. Chinacho chinagwa mu Disembala, usiku wa mvula, ndipo mulu wake wadothi unakhala pomwepo zaka zambiri mpaka unamera maungu.

A Jere sanapite. Tinkaphunzira mothithikana m'chipinda chimodzicho, aang'ono kutsogolo, ife kumbuyo. Koma kunyumba kwathu dzinja limenelo sindidzaliiwala. Mvula ikayamba tinkadzuka kutchera mabeseni, miphika, ngakhale mbale zodyera. Makope anga ndinkawasunga m'thumba la feteleza. Mlongo wanga wamng'ono anatsokomola mpaka Malichi. Nthawi zina tinkagona chokhala, titatsamira khoma limene linali louma, ndipo atate ankatifunditsa jekete lawo la kwaya iwo n'kukhala pamene pakudontha. Sanadandaulepo, ndipo amayi sanawakumbutsepo.

Giredi seveni ndinalemba ndipo ndinakhoza. Sindinapite patali kwambiri ndi sukulu, koma ndinafika poti n'kudzisankhira ndekha mwamuna ndi ntchito, ndipo zimenezo kwa mtsikana wa kutsidya kwa mtsinje uja sizinali zazing'ono.

A Chipewa anabweranso nyengo ya masankho otsatira, chipewa chatsopano, mimba itakula. Ulendo uno analonjeza simenti ndi mlatho. Unali mwezi wa Juni. Atate anawapatsa mpando, anawamvetsera mwaulemu wonse, ndipo atafika pa mawu akuti musavutike, atate anaimirira n'kutenga zenga limene analitsamiritsa pamtengo. "Pitirizani bwana, ine udzu ukundidikira." Anthu ochepa anawatsatira. Ambiri anatsala kudikira zitenje ndi mchere, ndipo a Chipewa anapambananso. Ndikanakonda kukuuzani kuti mudzi wathu unaphunzirapo kanthu, koma ndinakwapulidwa kale chifukwa chonena zoona, sindingayambe bodza lero.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka pano si bodza lokhalo ayi. N'chakuti malata aja sanayenere kukhala mphatso ya munthu. Makolo athu ankalima thonje ndi chimanga chimene chinkadyetsa tauni, ana awo anayenera kuphunzira pouma popanda kuvinira aliyense. Koma anatizoloweza kulandira zathu zomwe titagwada, mpaka tinafika posiya ngakhale chaching'ono chimene tinkatha kudzichitira tokha. Sanangotinamiza za malata. Anatilanda udzu.

Sindinaphonyepo kuvota chiyambire pamene ndinakwanitsa zaka. Ndimapita, ndimaima pamzere, ndipo pamisonkhano yawo ndimafunsa mafunso mpaka makada amandidziwa nkhope. Akamandipaka inki pachala chachikulu, chipsera chija chimakhala pompo m'munsi mwake, ziwirizo zimayang'anana.

Kukomboni kumene ndimakhala tili ndi chizolowezi chofukula ngalande mvula isanayambe, nyumba iliyonse kutsogolo kwake, chifukwa madzi ochokera m'mapiri akatsika safunsa kuti pakhomo pano ndi pa yani. Masankho apitawa kunabwera wina, wopanda chipewa koma wa jekete labwino, anatiuza kuti tisavutike ndi makasu, ngalande za simenti zikubwera ndi makina. Anatsitsa ngakhale mulu wa miyala pamphambano n'kujambulitsa. Anansi anga anaimba nthungululu. Loweruka lotsatira ndinadzutsa mwana wanga Taonga m'mamawa, tinatuluka awiriwiri mumsewu wonse uja. Mayi wa nyumba yoyang'anana nafe anasuzumira pawindo n'kukuwa kuti, "Amake Taonga, simunamve kuti kukubwera makina?"

Taonga anafuna kulowa pansi ndi manyazi. Anandiyang'ana ndi diso lomwe lija ndinkayang'anira amayi kudambo, n'kunong'ona kuti, "Amayi, anthu akutiseka." Ndinati ndikudziwa mwananga, ndipo ndinamupatsa khasu.

Miyala ija anabwera kudzaitenga masankho atangotha.